Mmene mungakonzekerere ulendo woyamba wokasaka nyama zikuluzikulu mu Africa

Munthu amene walakalaka kukasaka nyama zikuluzikulu m'nkhalango za mu Africa kawirikawiri amayamba ndi kufunsa za mfuti, chikhalirecho nkhani ya mfuti imabwera pakati pa zokonzekera, osati poyambirira. Ulenje wovomerezeka umayendera malamulo a dziko limene mwapitako, umadya ndalama zochuluka, ndipo umathera pa kuchotsa moyo wa nyama imene mwina yakhala m'thengo zaka khumi kapena kuposerapo. Pa zifukwa zimenezi, kukonzekera kumafuna chaka chathunthu, ndipo nthawi zina zaka ziwiri, popeza masiku abwino m'madera abwino amakhala atasungitsidwa kale ndi alenje ena. Pa zonse zimene zikutsatirazi pali zinthu ziwiri zimene sindikufuna kuti muzipeputse: musalipire nyama imene simunatsimikize kuti boma lalola kuti iphedwe, ndipo musawombere nyama imene simungathe kuipha mwamsanga popanda kuizunza.

Sankhani nyama imodzi imene ulendo wonse udzazungulirapo

Alenje amagawa nyama m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la nyama zoopsa, zomwe ndi njovu, chipembere, njati, mkango ndi kambuku, ndipo ambiri amawonjezerapo mvuu ndi ng'ona. Gulu lachiwiri ndi la nyama za m'madambo ndi m'tchire zimene sizilimbana ndi munthu kawirikawiri, monga ngoma, nswala, nyumbu, mbidzi, njiri, ntchefu ndi mphalapala. Mtengo wa ulendo, kutalika kwake, dziko lopitako ndiponso mfuti yotenga, zonse zimadalira gulu limene mwasankha, ndiye chifukwa chake funso limeneli liyenera kuyankhidwa musanalembere kalata kampani iliyonse.

Ngati simunasakepo nyama yaikulu, yambani ndi gulu lachiwiri kwa masiku asanu ndi awiri kapena khumi, ndipo musachite manyazi ndi zimenezo, chifukwa ngoma yamphongo yokhwima ndi nyama yochenjera imene imatha kukuyendetsani sabata yonse osaiona bwino. Ngati muli ndi luso kale ndipo mtima wanu uli pa nyama yoopsa, ndikulangizani kuti musankhe njati, n'kuwonjezerapo nyama ziwiri kapena zitatu za m'dambo zimene mungakumane nazo. Njati imasakidwa poyenda pansi ndi kulondola mapazi, imapezeka yochuluka m'madera ambiri, ndipo nyanga zake sizivuta kutulutsa m'dziko monga zimavutira za nyama zina. Kambuku amafuna kumangirira nyambo m'mitengo ndi kudikira m'chisakasa kwa masiku ambiri, ndipo si zachilendo kubwerera chimanjamanja patatha masabata awiri. Njovu imafuna miyendo yolimba ndiponso kudziwa bwino pamene pali ubongo ndi mtima m'thupi lalikulu chotere. Za mkango pali chenjezo lapadera: ku South Africa kwakhala kukuchitika malonda a mikango yoweteredwa m'makola, imene imatulutsidwira mumpanda kuti mlendo aiwombere. Umenewo si ulenje, ndipo mu 2021 boma la dzikolo linalengeza cholinga chothetsa kuweta mikango mwa njira imeneyi. Wina akakutsatsani mkango wotchipa wa masiku ochepa, dziwani kuti ndi wa mtundu umenewo.

Mndandanda wautali wa nyama umawononga ulendo woyamba. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mlenje wofuna nyama khumi m'masiku asanu ndi awiri amathera nthawi yake pagalimoto, akuthamangitsa mndandanda m'malo mosaka.

Dziko ndi dera

Si dziko lililonse limene limalola ulenje wa alendo, ndipo malamulo amasintha. Kenya inaletsa ulenje wa nyama zikuluzikulu mu 1977 ndipo chiletsocho chidakalipo. Botswana inaletsa mu 2014, kenaka n'kuchotsa chiletsocho mu 2019. Zambia inaimitsa kusaka mikango ndi akambuku mu 2013, n'kudzalolanso m'zaka za 2015 ndi 2016. Choncho zimene munamva kwa munthu amene anapita zaka zisanu zapitazo muyenera kuzitsimikiza kaye ndi nthambi yoona za nyama zakuthengo ya dzikolo.

South Africa ndi Namibia ndi mayiko amene alendo ambiri amayambira, chifukwa misewu ndi yabwino, mitengo ndi yotsikirapo, ndipo nyama za m'dambo ndi zambiri. Koma ku South Africa ulenje wambiri umachitikira m'mafamu a anthu otchingidwa ndi mipanda italiitali ya waya, ndipo mafamuwo amasiyana kwambiri kukula kwake. Funsani kukula kwa malo opanda mpanda wam'kati, osati kukula kwa mafamu onse a kampaniyo atawonkhetsedwa pamodzi, ndiponso funsani ngati nyamazo zimaswana pamalopo kapena zimagulidwa kumsika n'kubweretsedwa nyengo ya ulenje ikayandikira. Ku Namibia kuli mafamu aakulu ndiponso madera osamalidwa ndi anthu a m'midzi, amene anayamba potsatira lamulo la mu 1996 lopatsa midzi mphamvu pa nyama za m'dera lawo.

Amene akufuna njati ya m'thengo lopanda mpanda ayang'ane ku Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Ku Zimbabwe kuli chigwa cha Zambezi, dera la Matetsi, ndi madera aakulu a Save Valley ndi Bubye Valley, komanso madera a midzi a pansi pa ndondomeko ya CAMPFIRE, yopatsa midzi phindu lochokera ku nyama zakuthengo, imene inayamba mu 1989. Ku Zambia ulenje umachitikira m'madera ozungulira nkhalango zotetezedwa, makamaka m'chigwa cha Luangwa ndi mozungulira Kafue. Ku Mozambique kuli madera a ulenje otchedwa coutada kufupi ndi mathiriro a Zambezi, ndiponso dera lalikulu la Niassa kumpoto. Tanzania ili ndi thengo lalikulu ngati Selous, ngakhale kuti mbali yaikulu ya dera limeneli inasanduka nkhalango yotetezedwa ya Nyerere mu 2019, ndipo ndi dziko limene ulenje wake ndi wokwera mtengo kwambiri chifukwa cha misonkho ya boma ndi ndege zing'onozing'ono zopita kumisasa.

Kampani, mlenje wotsogolera ndi kota

Pano ndi pamene pagona ulendo wonse. Mlendo saloledwa kusaka yekha, koma amayenera kutsogoleredwa ndi mlenje wachiphaso, amene anthu a ntchitoyi amangomutchula kuti PH. Kampani ndi imene ili ndi ufulu wosaka m'deralo, msasa, magalimoto ndi antchito, pamene PH ndi munthu amene adzaima pambali panu njati ikatembenuka. Palinso anthu ena apakati amene amangogulitsa maulendo a makampani osiyanasiyana, ndipo ena mwa iwo ndi othandiza, koma muyenera kudziwa ngati mukulankhula ndi mwini dera kapena ndi wamalonda chabe. Ku Namibia ndi ku South Africa chiphaso chotsogolera ulenje wa nyama za m'dambo ndi chosiyana ndi cha nyama zoopsa, choncho funsani kuti muone chiphaso chenichenicho. Funsaninso ngati ali membala wa bungwe la alenje la dziko lake, monga PHASA ku South Africa, NAPHA ku Namibia, ZPGA ku Zimbabwe kapena PHAZ ku Zambia, chifukwa kumeneko n'kumene mungakadandaule zinthu zikalakwika.

Chaka chilichonse boma limaika kota, kutanthauza chiwerengero cha nyama za mtundu uliwonse zimene zingaphedwe m'dera lakutilakuti. Kampani ikhoza kukhala ndi njati zochepa chabe pa kota yake, ndipo zikatha ndiye kuti zatha, ngakhale m'deralo mukuyenda njati mazanamazana. Pemphani kuti akulembereni dzina la dera, dzina la mwini ufulu wosaka m'deralo, ndi chitsimikizo chakuti nyama yanu ili pa kota ya chaka chimene mukupitacho. Nkhani ya mkango wotchedwa Cecil, umene unaphedwa mu Julaye 2015 pafupi ndi nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe, inautsa mkwiyo padziko lonse, ndipo mafunso aakulu amene anafunsidwa anali a malire ndi a kota. Mlendo asadalire kudziteteza ponena kuti sanadziwe, popeza iye ndiye amawombera nyamayo.

Kenaka pemphani mayina a alendo amene anasaka ndi PH ameneyo m'dera lomwelo m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo muumirire kuti pakhale mmodzi amene sanapeze nyama yake. Munthu amene anapha njati yaikulu amayamikira zonse, koma amene anabwerera wopanda kanthu ndiye angakuuzeni ngati antchito analimbikira mpaka tsiku lomaliza, ngati nyama zinalipodi, ndiponso ngati ndalama zimene anauzidwa poyamba ndi zomwe analipira pomaliza. Amene angathe kupita kumisonkhano ikuluikulu ya alenje, monga ya Safari Club International ndi Dallas Safari Club ku America kapena Jagd & Hund ya ku Dortmund ku Germany, imene imachitika kumayambiriro kwa chaka, akhoza kukumana ndi makampani ambiri maso ndi maso. Musasayine chilichonse tsiku loyamba. Safunsa anadya phula.

Funso lina limene ndimaliona kuti ndi lofunika, ngakhale alendo ambiri salifunsa, ndi lakuti ndalama zanu zimapita kuti. Chimene chimachititsa kuti ulenje wotere uloledwe ndi chakuti ndalamazo zizithandiza kusunga thengo, kulipira alonda olimbana ndi opha nyama mozembera lamulo, ndi kupindulitsa anthu amene minda yawo imadyedwa ndi njovu. Kampani yochita bwino imatha kukuuzani kuchuluka kwa alonda amene imalipira, misampha imene anatola chaka chatha, ndi gawo limene limapita kumidzi. Imene ikuzemba funsoli ndi yofunika kuikayikira.

Ndalama ndi mgwirizano wolembedwa

Mitengo imatchulidwa kawirikawiri m'madola a ku America, ndipo imakhala m'zigawo. Pali ndalama ya tsiku lililonse, imene imalipira PH, malo ogona, chakudya, galimoto, olondola mapazi ndi osenda. Ndalamayi imasiyana ngati muli nokha ndi PH wanu kapena mukugawana PH mmodzi anthu awiri, ndipo pa njati yoyamba ndi bwino kukhala nokha ngakhale zikudula. Pali ndalama ya nyama iliyonse, imene imalipidwa nyamayo ikaphedwa. Lamulo limene alendo ena amadabwa nalo ndi lakuti nyama yolasidwa n'kuthawa imawerengedwa ngati yaphedwa: magazi akapezeka pansi, mulipira mtengo wonse, ndipo nyamayo imachotsedwa pa kota. Nyama zoopsa zimakhalanso ndi masiku ochepetsetsa amene muyenera kulipira, ndipo ku Tanzania kwa zaka zambiri mkango, kambuku ndi njovu zakhala zikufuna chilolezo cha masiku 21.

Pamwamba pa izi pali zolipira zina zimene sizilembedwa m'zikalata zokongola zotsatsira malonda. Izi ndi misonkho ya boma ndi ya zachilengedwe, chilolezo cha mfuti, ndege yaing'ono kapena galimoto yochokera kubwalo la ndege, ndalama ya mnzanu wongoperekeza, nyama zogwiritsidwa ntchito ngati nyambo, kukonza ndi kupakira nyanga ndi zikopa, kuzitumiza, ndiponso ndalama zothokozera antchito pamapeto. Pemphani kuti zonse zilembedwe m'mgwirizano umodzi, pamodzi ndi zimene zidzachitike ku dipoziti yanu ngati mwadwala, ngati boma latseka ulenje, kapena ngati kampaniyo yalandidwa dera. Mukawonkhetsa zonse, sungani ndalama ina yapadera pambali, chifukwa mtengo wotumizira zikumbutso zokha, zomwe ndi nyanga ndi zikopa za nyama zimene mwapha, umadabwitsa anthu ambiri.

Nyengo

Ulenje umachitika makamaka m'miyezi yopanda mvula. Ku Namibia nyengo yovomerezeka imayamba pa 1 Febuluwale kufika pa 30 Novembala, ndipo ku Tanzania ndi kuyambira pa 1 Julaye kufika pa 31 Disembala. M'miyezi ya Meyi ndi Juni udzu umakhala udakali wautali ndipo madzi amapezeka paliponse, choncho nyama zimabalalika. Kuyambira Ogasiti tchire limayera ndipo njati, zomwe zimafuna kumwa pafupifupi tsiku lililonse, zimayandikira madzi otsala, motero mapazi ake savuta kupeza. Okutobala ndi mwezi wabwino kupeza nyama, koma m'chigwa cha Zambezi ndi cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wosazolowera akhoza kulephera kuyenda. Kwa woyamba, miyezi ya Julaye, Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Sepitembala ndi imene ili pakatikati.

Mfuti, zipolopolo ndi kuyeserera

Pa nyama za m'dambo, mfuti wamba monga .308 Winchester, .30-06 kapena .300 Winchester Magnum (mayinawa amasonyeza mtundu ndi kukula kwa chipolopolo) ndi yokwanira ngati chipolopolo chake ndi cholimba. Pa nyama zoopsa malamulo amaika malire. Ku Tanzania mfuti siyenera kuchepera .375, ku Zimbabwe pa njovu, njati ndi mvuu chipolopolo chiyenera kukhala cha mamilimita 9.2 kapena kuposerapo, ndipo ku Namibia amayeza mphamvu, imene siyenera kuchepera majuulo 5,400. Mfuti imene imakwaniritsa zonsezi ndi .375 H&H, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, ndipo kufikira lero ndi imene ma PH ambiri amalangiza mlendo woyamba. Ubwino wake ndi wakuti imapha njati bwino, imafika patali mokwanira kuwombera ngoma kapena mbidzi, ndipo kukankha kwake paphewa munthu wamba akhoza kukupirira. Mfuti zokulirapo monga .416 Rigby kapena .458 ndi zamphamvu, koma mphamvu imene munthu akuiopa ilibe ntchito, chifukwa amene akuopa mfuti yake amatsinzina ndi kugwedezeka asanawombe.

Pa njati mudzafuna zipolopolo za mitundu iwiri zolemera mofanana, za magalamu pafupifupi 19 mu .375. Choyamba kuwombera chimakhala chofutukuka chikalowa m'thupi, kuti chiwononge mtima ndi mapapo ndiponso kuti chisatulukire kwina n'kukalasa njati ina imene yaima kuseri. Zotsatira nthawi zambiri zimakhala zolimba zosafutukuka, zotha kuboola mafupa ndi minofu pamene nyama ikuthawa kapena ikubwera. Onetsetsani kuti mitundu yonse iwiri ikugwera pamalo amodzi pa mamita 100, ndipo funsani PH wanu zimene iye amakonda musanagule.

Kuyeserera kuyambike miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike. Kuthengo simudzapeza tebulo lotsamirapo, koma mudzawombera mutaimirira, mfuti itatsamira pa ndodo zitatu zomangidwa pamodzi kumtunda, zimene wolondola mapazi kapena PH adzakuikireni mofulumira. Pangani ndodo zoterezi nokha ndipo muziyeserera nazo mpaka mutatha kuika mfuti, kupeza chandamale ndi kuwomba m'masekondi ochepa. Gwiritsani ntchito mfuti yaing'ono ya .22 pa kuyeserera kwambiri, ndipo yaikuluyo muziwomba zipolopolo zochepa tsiku limodzi kuti thupi lisaphunzire mantha. Phunzirani kulowetsa chipolopolo chachiwiri mwamphamvu mfuti idakali paphewa, maso ali pachandamale, ndiponso kudzaza mfuti osayang'ana m'manja. Muyeso wabwino ndi uwu: ngati mungathe kulasa mbale yodyera kasanu motsatizana pa mamita 100 mutaimirira pandodo, mtima ukugunda chifukwa chothamanga pang'ono, ndiye kuti mwakonzeka. Ngati simungathe, pitirizani kuyeserera kapena sunthani ulendo.

Miyendo nayo ikonzekere. Kulondola njati kumatha kutenga makilomita khumi kapena kuposerapo patsiku, pamchenga ndi m'minga, choncho yambani kuyenda mitunda italiitali mutavala nsapato zomwe mudzapite nazo.

Mapepala a mfuti ndi ulendo wa pandege

Dziko lililonse limafuna chilolezo cholowetsera mfuti kwa kanthawi, ndipo kampani yanu iyenera kukutumizirani kalata yokuitanani ndi mafomu ake miyezi ingapo pasadakhale. Ku South Africa fomuyi ndi SAPS 520, ndipo malamulo salola mfuti ziwiri za chipolopolo cha kukula kofanana, zipolopolo zoposa 200 pa mfuti imodzi, kapena munthu wosakwana zaka 21 kulowetsa mfuti. Mudzafunanso umboni wakuti mfutiyo ndi yanu ndi chilolezo choitulutsira m'dziko lanu. Nambala ya mfuti ikhale yofanana pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kusiyitsa mfuti yanu pabwalo la ndege. Makampani a ndege amalola zipolopolo zosapitirira makilogalamu 5 pa munthu, mfuti ikhale yopanda chipolopolo m'bokosi lolimba lokiya, ndipo ena amafuna kudziwitsidwa masiku angapo pasadakhale pamene ena sanyamula mfuti n'komwe. Mayiko ena, monga Netherlands, amafuna chilolezo ngakhale mukungodutsa. Ngati zonsezi zikukulemerani, kubwereka mfuti ya kumsasa ndi njira yabwino, malinga mufunse mtundu wake ndi kuyeserera ndi yofanana nayo.

Thanzi ndi zovala

Onanani ndi dokotala masabata asanu ndi limodzi musananyamuke. Madera ambiri a njati ali ndi malungo, ndipo mankhwala oteteza monga atovaquone-proguanil kapena doxycycline amayambidwa musanalowe m'deralo ndi kupitirizidwa mutatuluka, woyambayo kwa masiku 7 ndipo wachiwiriyo kwa masabata anayi. Funsani za chiphaso cha katemera wa matenda a yellow fever malinga ndi mayiko amene mudutsemo. Gulani inshulansi yolipira ndege yodzakutengani kuthengo mukavulala, ndipo werengani bwino kuti muone ngati ulenje sunachotsedwemo. Nkhupakupa zimayambitsa matenda otentha thupi, ndipo ntchentche za kashembe, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, zimakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, choncho valani zovala zobiriwira modera kapena zotuwa. Pewani zovala zamawangamawanga zofanana ndi za asilikali, chifukwa m'mayiko ena monga Zimbabwe munthu wamba saloledwa kuzivala. Zovala zitatu zosinthira ndi zokwanira popeza kumsasa amachapa, koma musaiwale jekete lofunda la m'mawa, chipewa, ndi zoonera patali zabwino.

Kumsasa ndi m'thengo

Tsiku loyamba PH adzakutengani kukayesa mfuti pachandamale. Akufuna kuona ngati galasi la pamfuti silinasunthe paulendo, komanso akufuna kuona mmene mumagwirira mfuti, ndipo zimene aone zidzamuuza mtunda umene angakuloleni kuwomberapo. Muuzeni zoona zokhazokha za luso lanu, maso anu, makutu anu ndi matenda amene muli nawo. Gwirizanani za nthawi yolowetsa chipolopolo, za amene adzayende patsogolo, ndiponso ngati iye adzawombere nyama yanu ikalasidwa molakwika. Pa nyama yoopsa yankho lanzeru ndi kumulola. M'madera a boma mudzayendanso ndi mlonda wa nthambi ya zanyama, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, monga oletsa kuwombera muli pagalimoto kapena kusaka usiku ndi nyali kumene zimenezi n'zoletsedwa.

Kusaka njati kumayamba m'bandakucha, poyang'ana mapazi pamadzi kapena pamsewu. Olondola mapazi amawerenga nthaka mwa njira imene mlendo sangaimvetse: amaona kutentha kwa ndowe, udzu wopindika, ndi tsamba lotafunidwa, n'kudziwa nthawi imene gulu linadutsa ndi ngati muli nkhunzi yaikulu. Anthu amenewa ndi amene amakupezerani nyama, choncho phunzirani mayina awo, apatseni moni m'mawa uliwonse, ndipo musayende patsogolo pawo n'kufafaniza mapazi. Mdani wamkulu ndi mphepo, chifukwa njati imanunkhiza patali, ndipo mudzaona PH akugwedeza kathumba ka phulusa kuti aone kumene mphepo ikulowera. Mukhoza kulondola maola asanu, mphepo n'kutembenuka, gulu lonse n'kuthawa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndipo si cholakwa cha munthu aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njati yoyenera kuphedwa ndi nkhunzi yokalamba imene yadutsa msinkhu wobereketsa, imene nthawi zambiri imayenda yokha kapena ndi zinzake zochepa. Imadziwika ndi nyanga zimene zakumana ndi kuuma kwathunthu pamphumi, nsonga zoperepeseka, ndi nkhope yothothoka ubweya. Nkhunzi yaing'ono ikhoza kukhala ndi nyanga zotambalala kwambiri, koma pamphumi pake pamakhala pofewa, ndipo kuipha ndi kulanda gulu mbewu yabwino. Muuzeni PH kuyambira pachiyambi kuti mukufuna zaka osati kutalika kwa nyanga, ndipo mudzaona kuti adzakulemekezani chifukwa cha mawu amenewo.

Nthawi yowombera ikafika, tsimikizani kuti inu ndi PH mukunena nyama imodzi, chifukwa m'tchire lowirira n'zosavuta kusokoneza. Mtima wa nyama za mu Africa uli m'munsi ndiponso kutsogolo kuposa mmene alendo ambiri amaganizira. Nyama ikaima chopingasa, tsatirani mzere wa mwendo wakutsogolo kukwera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi pa chifuwa, ndipo pamenepo ndi pamene pali mtima ndi mapapo. Ikaima mopendeka, ganizirani za mwendo wakutsogolo wa mbali inayo, kuti chipolopolo chidutse pakati pa chifuwa. Ngati nthambi zatchinga, ngati kuseri kwaima nyama ina, kapena ngati manja akunjenjemera, musawombe, ndipo nenani poyera kuti simukuona bwino. Palibe PH wanzeru amene angakudzudzuleni chifukwa chosawomba, koma chipolopolo cholowa m'mimba chimazunza nyama kwa maola kapena masiku, ndipo chimaika pachiswe moyo wa olondola mapazi amene amayenda patsogolo opanda mfuti.

Mukawomba, lowetsani china nthawi yomweyo ndipo wombaninso ngati nyama idakali chiimire ndipo mukuiona bwino. Njati yamphongo imalemera makilogalamu 600 mpaka 800, ndipo imatha kuthamanga mtunda ndithu ngakhale mtima utabooledwa. PH adzakuuzani kudikira kwa kanthawi musanatsatire, ndipo nthawi zambiri mudzamva kulira kwake komaliza kuchokera m'tchire. Yandikirani chakumbuyo kwake, mfuti ili yokonzeka, ndipo wombani chipolopolo china chotsimikizira akakuuzani, chifukwa alenje ambiri avulazidwa ndi njati imene ankaiyesa yakufa. Ngati yalasidwa n'kulowa m'tchire lowirira, tsatirani malangizo a PH ndendende, ngakhale atakuuzani kuti mutsale kumbuyo.

Nyama ikagwa

Jambulani zithunzi mwaulemu, mutapukuta magazi, osakhala kapena kuponda pa nyamayo, ndipo ganizirani bwino musanaziike pa intaneti. Mnofu sutayidwa: wina umadyedwa kumsasa, ndipo m'madera a midzi wambiri umagawidwa kwa anthu okhala pafupi, choncho ngati mwapatsidwa mwayi woperekeza galimoto yokagawa, pitani mukaone. Chikopa chisendedwe ndi kuthiridwa mchere mwamsanga chifukwa kutentha kumathothola ubweya m'maola ochepa, ndipo muyenera kukhala mutaganiza kale ngati mukufuna chigaza ndi nyanga zokha kapena mutu wonse ndi mapewa, popeza kasendedwe kake n'kosiyana. Onetsetsani kuti chilichonse chamangidwa chizindikiro cha dzina lanu, ndipo musanachoke sayinani kaundula wa nyama zimene mwapha mutawerenga mzere uliwonse.

Zikumbutso sizipita nanu pandege. Zimatsala kuti ziviikidwe m'mankhwala ophera tizilombo, ziume, zipimidwe ndi madokotala a ziweto, ndipo zipatsidwe zilolezo zotulukira, ntchito imene imatenga miyezi ingapo ndipo nthawi zina chaka. Pangano la CITES, limene linasayinidwa ku Washington mu 1973 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975, limayang'anira malonda a nyama zimene zili pangozi. Njati siili pa mndandanda wake, koma kambuku, njovu, mkango, mvuu ndi ng'ona zilipo, ndipo ngakhale mbidzi ya m'mapiri ya ku Namibia imafuna chilolezo cha CITES. Pa kambuku pamafunika chilolezo cha dziko lotulutsa ndi cha dziko lolandira. Mayiko ena anaika malamulo awoawo okhwima kuposa pamenepo: Australia ndi France analetsa kulowetsa zikumbutso za mikango mu 2015, Netherlands inaletsa za mitundu yambiri mu 2016, ndipo Belgium inachita chimodzimodzi mu 2024. Palinso malamulo a matenda a ziweto, amene amakhudza kwambiri nyama za mtundu wa nkhumba monga njiri. Choncho lemberani nthambi yoona za nyama zakuthengo ndi ya zaziweto ya dziko lanu musanalipire dipoziti, pezani yankho lolembedwa pa nyama iliyonse ili pa mndandanda wanu, ndipo sankhani pasadakhale kampani yodziwa kuombola katundu wotere padoko kapena pabwalo la ndege, kuti dzina lake lilembedwe pa mapepala otumizira bokosi lanu lisananyamuke.